Chitseko cha Nyumba ya Njovu

Amayi, muli bwanji kumeneko komwe munatsogola?

Kuno tilipo. Mwana uja munamusiya m'mimba mwanga anabadwa mu Januwale, wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Mtedza wa kumunda wa ku Chiosya wachita bwino, koma chimanga chinapserera. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri, mmodzi anafa.

Nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya nyumba. Tikukhalabe m'zipinda zakuseri, monga munatisiyira. Loweruka lililonse ndimatsegula chipinda chachikulu n'kusesa. Njovu zojambula zija zikadali pakhoma, ndi mafumu a nduwira zofiira pa akavalo awo, ngakhale utoto wayamba kusuwa cha m'munsi. M'kachipinda kamene Amwenye, eni nyumbayi, ankapemphereramo ndimavulabe nsapato, poti inu munkavula. Munkandiuza kuti tsiku limene ankasamukira kutauni, mayi wa nyumbayi anakupatsani makiyi akulira, nati wojambulayo anachokera kumudzi kwawo kutsidya la nyanja, ndipo anajambula nyumba ya agogo awo mmene ankaikumbukira. Inu munkati, "Sitinaimange ife. Ntchito yathu n'kusesa basi, laimu asakhudze khomali."

Amayi, achimwene anga a Yohane asintha. Mwezi watha anabwera ndi azibambo awiri a ku Chipata ovala bwino. Sanapereke moni kwa aliyense. Anajambula khoma lonse ndi foni, kenako anayeza chitseko chachikulu cha mlombwa, chogoba maluwa chija, pamodzi ndi felemu yake. Mmodzi anagogoda pamutu pa njovu ndi kiyi wa galimoto, kumvetsera ngati pulasitala ingachoke yathunthu.

Atapita ndinafunsa achimwene. Anandiyankha kuti, "Eni ake anafa kalekale, ana awo ali kunja. Ukusungira ndani?" Patapita masiku atatu ndinapeza nsanamira ziwiri za pakhonde palibe. Anazizula ine ndili kusikelo ndi mwana, n'kuimikapo mitengo ya bulugamu yaiwisi.

Kuyambira pamenepo mng'alu wa pamwamba pa chitseko ukukula. Poyamba munkalowa chikhadabo, pano mukulowa dzanja langa. M'mawa uliwonse ndimapeza dothi lofiira pansi. Ndinaitana a Tembo omanga nyumba aja. Anayang'anitsitsa mng'aluwo, kenako anati felemuyo ndi imene yanyamula khoma lonse, ndipo akaichotsa ligwera kumbuyo. Kumbuyoko, Amayi, ndi kumene timagona ndi ana.

Ndinawafotokozera achimwene zonsezi. Anaseka, nati a Tembo ndi amantha. Dzulo anandiuza kuti anthu aja abwera Lachisanu ndi lole, ndiye ndikonzeretu makiyi. Polankhula sanandiyang'ane kumaso. Kumbuyo kwa bafa ndaona mgwala wachitsulo ndi nyundo zimene si zathu.

Mawa ana onse ndikawasiya kwa azakhali ku Mlonyeni, wakhandayo yekha ndibwerera naye chifukwa akuyamwa. Bambo a anawa ali kuntchito ku esiteti, uthenga ndatumiza koma sindikudziwa ngati afika nthawi yabwino. Kupolisi ndinapita, anati ndi nkhani ya pabanja, tikambirane.

Ndili ndi mantha, sindikubisirani. Sindinawakanizepo kanthu achimwene chibadwire. Koma Lachisanu lole ikamaima, adzandipeza nditakhala pakhomopo, msana nditatsamira chitseko. Akafuna kuchizula adzayambe andinyamula ine, anthu onse a pamsika akuona. Ndikulonjeza kuti sindidzuka ndekha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati