Banga la Pafupi ndi Windo

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Chinkhoswe cha mwana wanga Chisangalalo pa 24. Akuchimuna ochokera ku Madisi adzakhala pabalaza pano, ndiye akuti makoma apentedwe. Zoona, anada ndi utsi wa koloboyi zaka zija tisanagule sola. Ndavomera. Mtedza wayenda bwino chaka chino, mtima uli m'malo.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Ku Boma, kusitolo kwa a Sharifu. Zitini ziwiri pakauntala, penti wa kirimu ndi wa bulawuni. Chisangalalo wakakamira wakudayo, akuti ndi wamakono, saonetsa litsiro. A Sharifu akuti wowala amakulitsa nyumba, wakuda amafuna mawindo akuluakulu. Ife timawindo tiwiri basi. Ndimasokera zovala pabalaza pomwepo, maso nawo anayamba kale kundikana.

Koma nkhani si imeneyo. Pafupi ndi windo pali banga la mafuta, pomwe malemu bambo ake ankatsamiritsa mutu akamamvera mpira pawailesi. Zaka khumi ndi zinayi, mutu pamalo amodzi. Mwanayu akuchita nalo manyazi, akufuna likwiririke. Sadziwa kuti ndimalipatsa moni m'mawa ndikamasesa.

Tabwerako chimanjamanja.

Loweruka, 10 Ogasiti

Gabriel wopenta wabwera ndi tizitini take. Wapaka pang'ono mitundu yonse iwiri kuseri kwa chitseko kuti tiyerekeze. Bulawuni ndi wokongola, ndisaname. Koma pofika 4 koloko mbali imeneyo inali ngati m'chigafa chodzaza fodya. Kirimu kuwalabe mpaka nkhuku kulowa m'khola. Ndapambana. Chisangalalo wakwinya nkhope tsiku lonse, khalidwe la bambo ake lenileni.

Gabriel wandichenjeza: "Mayi, penti wa madziyu sagwira pa mafuta. Pabangapa tipale kaye, apo ayi lidzatulukanso." Ndamuyankha kuti kupala kugumula pulasitala. Bodza lamkunkhuniza, Mulungu andikhululukire.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Gabriel wapaka kirimu kawiri. Nyumba ngati ya eni. Ulusi m'singano ndalowetsa kamodzi kokha, ndiye kuti a Sharifu sananame.

Banga lapita. Gabriel ananena kuti lidzatuluka, koma khoma lili mbee. Ndakhala pampando wawo kuyang'ana, misozi osaletseka. Ndawasowa bambo aja lero kuposa tsiku la maliro.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

M'mawa ndikusesa, ndangoona kachikasu pafupi ndi windo. Labwerera. Lozimiririka, kukula kwake chikhatho, koma pamalo pake penipeni. Ndaseka ndekha, tsache lili m'manja.

Chisangalalo waliona nayenso. Wathamangira chitini chotsala ndi bulashi, wayima patsogolo pa bangalo. Wayima nthawi yaitali ndithu, kenako wabwezeretsa chivundikiro.

"Amayi, Loweruka pampando uwu pasakhale mlendo. Ababa afika kale."

Penti wotsalayo tipaka kukhitchini.