Thirani mpaka ifiire

Lolemba, 3 Juni

Mawawa kuyambira m'mawa, Luwinga yense matope. Fomu 4 lero kemisitiri, phunziro la mamolo kachitatu. Ndalemba pabolodi, mamolo ndi kulemera kugawa ndi kulemera kwa molo imodzi. Onse maso pa ine ngati ndikuyankhula Chitchaina. Zaka zinayi pa yunivesite, ndikuthera pa sukulu yomwe labu yake ndi kabati yokhala ndi mabotolo opanda kanthu. A hedi akuti, "Aphunzitsi, jambulani bwinobwino, ana amva." Kujambula byureti, chubu chagalasi chodonthezera asidi, ndi choko! Mayeso a mu labu mwezi wamawa.

Sindikhalitsa pano. Sindingathe.

Lachinayi, 6 Juni

Temwa yekha ndiye akundisunga m'kalasi muja. Akubwereza Fomu 4, chaka chatha anadwala tsiku la mayeso a mu labu, kemisitiri ndiye inamugwetsa, akufuna unamwino. Amayenda wapansi kuchokera ku Salisbury Lines, nsapato zonyowa. Masamu a mamolo sakumuvuta, amapeza yankho ndisanamalize kulemba. Lero wati, mosakaniza ndi Chitumbuka, "Asambizgi, pepala ndikhoza chomene, koma asidi weniweni sindinamuonepo. Amanunkha?" Anzake kuseka. Ine ayi.

Akalephera chaka chino, amalume ake akuti basi, abwerere ku Nkhata Bay.

Lachitatu, 12 Juni

Ndatopa kudikira a hedi. Ndapanga labu yangayanga. Chidulo cha phulusa m'malo mwa alikali, viniga m'malo mwa asidi, masirinji a ku famase m'malo mwa byureti. Chosonyeza mtundu, madzi a chidede chowiritsa. Ukathira chidede mu chidulo, madzi abiriwira. Ukamadontheza viniga, pena pake psuu, kufiira. Kalasi yonse kukuwa! Mpaka achibwana a kumbuyo kulimbirana sirinji.

Ndawauza, donthezani pang'onopang'ono, ikafiira imani, werengani, kenako masamu. Apanga kanyimbo, "thirani mpaka ifiire," akumenya madesiki. Temwa wabwereza kasanu, manambala akufanana. Lero lokha ndinamva ngati ndine munthu.

Lolemba, 17 Juni

Nkhani ziwiri, tsiku limodzi.

Chawanangwa, mnzanga wa ku koleji yemwe akuphunzitsa pa sukulu ya labu yeniyeni, wavomera kutibwereka mabyureti ndi phenolphthalein, chosonyeza mtundu cha pa mayeso. Lachisanu lokha, chifukwa kwawonso akukonzekera. Ana aone zenizeni, kuti ndi mankhwala amenewa zimayamba zapinki, kenako mtundu umangozimiririka, madzi mbee. Palibe kufiira.

Masana foni. Kampani ya zakumwa ku Lilongwe, intavyu ya mu labu yawo. Lachisanu lomwelo, 9 koloko.

Ndapempha Chawanangwa asinthe tsiku. "Mphwanga, ndiye ndichotsedwe ntchito ine?" Ndapempha a hedi ayang'anire kalasi. Akuti iwo ndi a Jogalafe, asidi angawaphulikire.

Lachitatu, 19 Juni

Ndikupita ku Lilongwe. Ndani angakane? Za pinki yozimiririka zija ndalemba pabolodi belu litalira kale, theka la kalasi lili panja. Temwa kunalibe, akudwala chifuwa. Ndidzafotokoza bwino Lolemba.

Lolemba, 24 Juni

Intavyu inali ya mphindi khumi. Tinalipo ambiri, ena a digiri ya masitazi. "Tidzakuimbirani."

Kusukulu ndapeza Fomu 4 kulibe. A hedi anawamasula Lachisanu kuti azikawerengera kunyumba. Osandiuza. Ndalemba uthenga pa gulu la WhatsApp, awerenga ochepa. Temwa alibe foni. Ndinati ndipita ku Salisbury Lines, koma nyumba yake sindikuidziwa, komanso mphunzitsi wamwamuna kumafunsafunsa mwana wamkazi m'makwalala, anthu aziti chiyani? Ndatuma mnzake Sharon. Wati akamuuza akakumana kutchalitchi.

Lachiwiri, 2 Julayi

Mayeso a mu labu lero, ku sukulu ina komwe ana athu amalembera. Ndinaima panja pa geti, kuzizira. Foni m'manja, Lilongwe zii.

Temwa watuluka akuthamanga, nkhope yowala. Akuti byureti ndi yokongola, sanagwetse dontho. Kenako, "Koma asambizgi, mankhwala awo ndi ofooka. Pinki inathawa msanga, madzi anangoyera. Ine sindinapupulume, ndinapitiriza monga munanenera. Byureti yonse inatha osafiira, ndiye ndinalemba 50."

Fifite. Pinki itathawa paja ndi pomwe panali poima. Ndipo masamu onse otsatira amatsamira pa nambala imeneyo. Ndikudziwa wawerengetsa bwinobwino, mzere ndi mzere, mwaukhondo ngati nthawi zonse.

Sharon anali pambali, maso pansi.

Temwa wandifunsa, "Ndakhoza, eti?" Ndati tidikire zotsatira. Wati, "Yewo chomene, asambizgi, chidede chija chinandithandiza."

Wandithokoza.

Foni yalira ndikulemba izi. Nambala ya ku Lilongwe. Ikulirabe