Kumene Bambo Ako Ankapita Loweruka

Mayi 07:12
galimoto yatisiya pa mlatho. akuti kwatsalaku nkwa phazi. iwe unati hiking, ine ndimayesa ndi lifiti

Mzime 07:14
kkkk hiking nkuyenda mayi. mwavala chani

Mayi 07:15
nsapato za kutchalitchi. useke uone

Mzime 07:15
bwererani plz, BP yanu ija

Mayi 07:19
sindibwerera. zaka 20 bambo ako loweruka lililonse ati ndapita ku mathithi. mpaka kufa osandionetsa. lero ndikawaone mathithiwo ngati ndi amadzi kapena ovala diresi

Mayi 09:40
wotiperekezayu bodza ngati malemu. tafika kale, tafika kale, katatu tsopano. tawoloka mtsinje madzi a mchiuno. nsapato imodzi yapita

Mayi 10:55
mtunda uwu ndi chimimba chake chija? sankafika kuno ameneuja. kunali mkazi basi

Mzime 11:30
mayi muli pati

Mzime 12:10
mayi??

Mzime 12:48
ndaimba ka 6. ndiwauza achimwene

Mayi 13:20
🎤 0:31

Mzime 13:21
sindikumva kanthu, phokoso lokhalokha

Mayi 13:24
ndi madziwo. alipodi. akugwa kuchokera pamwamba pa thanthwe, pansi utsi okhaokha koma onyowetsa. munthu kukuwa osadzimva

Mayi 13:29
ndamuonetsa wotiperekezayu foto ya bambo ako. akuti aa madala awa, mwala wawo ndi uwu. ankakhala okha tsiku lonse ndi fulasiki yanga ija ankati inasowa

Mzime 13:30
mwaonatu, kunalibe mkazi 🙏

Mayi 13:36
ndafunsa nanga ankadzatani. wayamba kukanda mmutu. ndamugwira kolala. akuti ankati ndabwera kudzapumitsa makutu

Mzime 13:37
uthenga uwu wafufutidwa

Mayi 13:37
ndawerenga kale kkkk wakoyo

Mayi 13:38
PHOKOSO LONSELI. kupumitsa makutu. ndiye ine ndinali chani

Mzime 13:50
pepani mayi. mukulira?

Mayi 14:05
ndi madzi akundithira kumaso. ndakhala pamwala pakepo. mpabwino ndithu, ankadziwa kusankha mfiti ameneuja

Mzime 14:06
anakusankhaninso inu

Mayi 14:31
usandinyengerere. mawa undiperekeze kumanda, ndili naye mawu. wapumitsa mokwanira