Mpando wa Mapalo Woyang'ana Kumbuyo

Lamlungu, 9 Malichi. Ndatopa, ngakhale kusamba ndikuchita ulesi.

Tinakangananso za mpando wa Mapalo wa m'galimoto. Apongozi akuti mwana wa zaka ziwiri sangamafulatire akuluakulu ngati wanyanyala. "Amake Mapalo, mutembenuzeni aziona kwamene tiyenda. Onani mendo mwamene yapindikira."

Ndinabwereza zomwe anandiuza anesi kusikelo. Mutu wake ndi wolemera, khosi likadali lanthete. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, mpando woyang'ana kumbuyo umagwira mutu ndi msana pamodzi, ngati chitenje. Mwendo ukathyoka amaumanga, nanga khosi? Mwamuna wanga anangopitiriza kuyendetsa galimoto, monga mwa masiku onse.

Pochokera kutchalitchi, minibasi inatilowera kutsogolo pafupi ndi msika wa ku Lilanda, iye n'kuponda mabuleki. Apongozi, amene amakana lamba, anagunda chipumi. Mapalo sanagwetse ngakhale chitumbuwa chake.

Apongozi sanavomere kuti ndimanena zoona. Anangotsika, atagwira pachipumi, n'kukakhala kumbuyo pambali pa mdzukulu wawo. "Ni kuti aziona nkhope ya munthu," anatero.

Mawa kukubwera achemwali awo, ndipo iwowo ndiye pakamwa. Ndiyambirenso kufotokoza za khosi...