Sipiriti Asanaume

Townsville
14 Malichi 2023

Okondedwa achemwali anga a Maree,

Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa ku Hobart sikunayambe kukuvutani. Munafunsa chimene ndakhalira chete milungu itatu. Nachi.

Tinali ku fiyeta ndi a Zanetti, mlimi wa nzimbe wa ku Ingham, wodwala shuga. Inali opareshoni yaing'ono, yowongola chala chachikulu cha kuphazi. Tisanang'ambe khungu timapaka mankhwala okhala ndi sipiriti, kenako timadikira mphindi zitatu kuti aume, makamaka pakati pa zala pomwe amadikha. Zinalembedwa pabotolo. Chipangizo chamagetsi chomwe timawotchera mitsempha yotuluka magazi chimathetheka, ndipo sipiriti sachedwa kuyaka.

Koma dokotala wathu, a Prescott, sawerenga mabotolo. Amawerenga mitengo ya maboti. Anayang'ana wotchi nati, "Tikudikira chiyani, Denise, basi ya ku Cairns? Phimba phazilo."

"Silinaume, adokotala."

"Zaka makumi awiri ndili pantchito iyi, lero undiphunzitse kuyanika phazi?"

Onse anaseka, ndipo tinaphimba ndi nsalu. Lawi la sipiriti silioneka pansi pa nyali zathu. Tinayamba ndi kumva fungo. Zala ziwiri zinapsa. Phazi la munthu wa shuga silipola msanga, ndipo chala chimodzi mwina adula.

Tsopano bwanayo akuuza aliyense kuti makina ndi owonongeka. Katswiri wawayesa kawiri, alibe vuto. Dzulo a Prescott anandipeza pomwera tiyi, mawu ali ofewa ngati a m'busa. "Denise, mwana wanga, tiye tilembe zofanana, anthu asavutike." Anthu akewo ndi iwo okha. Munthu wodziwa dzina la kafupa kalikonse ka m'phazi, koma wolephera kuwerenga mpaka zitatu!

Lipoti ndalemba: tinadikira masekondi makumi anayi. Ndalembamonso chimene sindinauze munthu aliyense, ndipo inu ndinu oyamba. A Prescott atatambasula dzanja, chowotcheracho ndinawapatsa ndine, ndikudziwa kuti pansi pa nsalu panali ponyowa. Ndi kuwerenga kwanga konse, ndinaopa kusekedwa ndi anthu anayi. A Prescott ndimawanyoza, inde, koma iwo za mphindi zitatuzo anali ataiwala kalekale. Ine ndinkakumbukira.

Komiti yofufuza ngoziyi ikumana Lachisanu, ndipo mwina andichotsa ku fiyeta. Izo sizikundiopsa kwambiri. Chondilemera n'chakuti ndimapita ku wodi kukawaona a Zanetti, ndipo akazi awo amandigwira dzanja nati, "Mwa onse aja ndinu nokha mumabwera." Sanafunsepo chifukwa chake. Mawa ndiwauza, asanamve kwa komiti.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi muwauze kuti ndili bwino ndipo ndikudya. Inu nokha ndikupempheni chinthu chimodzi: poyankha, musandilembere kuti silinali vuto langa. Ndikufuna patsale munthu mmodzi amene sakundinamiza.

Ndine mng'ono wanu,
Denise