Zigoba zimene akulu anu anawotcha

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno tiliko. Mkazi wa achimwene Dayitoni wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo chipumi n'chanu chenicheni. Nandolo wa kumunda wa ku Thuchila wabereka, koma denga la khitchini likudonthabe. Izo tiike pambali, Amayi, nkhani yomwe ndabwera nayo ndi iyi: ndakhoza. Sukulu ya ukachenjede ija ndamaliza.

Zinatsala pang'ono kulephereka, ndipo mwini mlandu ndi akulu anu, mayi Eneresi. Paja chaka chomaliza aliyense amafufuza kanthu kake n'kukalongosola pamaso pa aphunzitsi, ukalephera ubwereza chaka. Ine ndinasankha nkhono, kufuna kudziwa chifukwa chake zigoba za m'nkhalango ya njira ya ku Chambe zili zoderako, za mizere yothinana, pomwe za m'minda yathu kumunsi kuno zili zotuwa. Dzinja lonse ndinatolera zigoba n'kuzisunga m'malichero kuchipinda kwanu, za kuphiri pazokha, za kumunda pazokha. Tsiku lina pochokera ku Likhubula ndinapeza m'malichero mulibe kanthu. Mayi aakulu ali pakhonde, tsaya lili tu ndi fodya wawo wotafuna. Zigoba zonse anali ataziwotcha n'kuzisinja kuti apeze laimu wosakaniza ndi fodyayo. Akuti ankayesa ndatolera iwowo, mpaka anandiwombera m'manja kuthokoza.

Ndinalira, Amayi, kulira kwa pamaliro. Mvula inali itatha, nkhono zitalowa pansi, tsiku lokalongosola likuyandikira. Mukanakhalapo mukanandiuza zomwe munkanena ndikamapupuluma pothyola tiyi, zoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine kudekhako ndinalibe. Mayi aakulu ndinawakwiyira masiku ndithu, moni wokha ndinkachita kukoka.

Chinandipulumutsa ndi chiperoni. Katangoyamba kuwaza kamvula kaja, nkhono zinatuluka. Mayi aakulu, manyazi atawagwira, anayenda m'malaini a ku esiteti kuuza anzanu othyola tiyi, ndipo poweruka aliyense ankadzera kwathu atamanga zigoba pansonga ya chitenje. Achimwene ndi anzawo onyamula katundu wa alendo ankatsika nazo za ku Chambe m'matumba a malaya. Anthu ankaseka kuti mwana wa malemu Edina wapenga nazo nkhono, koma ankabweretsabe.

Ndikuuzeni zomwe ndaphunzira, poti za kusukulu munkafuna kumva zonse. Chigoba pachokha ndi mwala wa laimu basi. Utoto nkhono imapanga yokha m'thupi mwake, n'kumaupaka pamlomo pa chigoba pang'onopang'ono pamene ikukula. Pena ipaka, pena ilumpha, ndiye mizere ija. Utoto wina wakuda ndi wachibale wa umene uli pakhungu lathuli. Wina wofiirira, umene umapezeka m'zigoba zina za kunyanja ya mchere ku Mozambiki kwa makolo athu, ndi wachibale wa chomwe chimafiiritsa magazi. Chigoba chakuda chimatentha msanga padzuwa, choncho pamtetete zotuwa ndi zomwe zimapirira n'kuswana. M'nkhalango, nkhono yotuwa imaonekera patali, mbalame n'kuitola. Mibadwo ikamapita, malo aliwonse amatsala ndi mtundu wake.

Tsiku lokalongosola, mphunzitsi wina wovuta anandifunsa umboni woti utotowo si mbali ya mwalawo. Ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa kabotolo ka laimu wa mayi aakulu, woyera mbee, ndi kukaika pambali pa chigoba chamizere. Ndinati moto unadya utoto wonse n'kusiya mwala, chifukwa utotowo ndi wa m'thupi, umapsa ngati tsitsi. Bamboyo anakayang'ana kabotolo kaja, n'kufunsa ngati ndingawasiyire kuti aziphunzitsira ena.

Panopa mayi aakulu akuuza aliyense kutchalitchi kuti digiriyo ndi yawo, popanda fodya wawo ine ndikanabwereza chaka. Sindiwatsutsa, ndimangowapatsa mpando.

Chondiwawa n'chimodzi. Pamwambo wolandira satifiketi anzanga anali ndi amayi awo owalulutira. Dzina langa litaitanidwa ndinatembenuka kuyang'ana m'chigulu, chonsecho ndikudziwa. Gauni ndi yobwereka, eni ake akuifuna msanga. Koma malume apempha kale kwa amfumu kuti tilowe kumanda, ndipo Loweruka lino ndikubwera nditaivala, ndi chipewa chomwe. Sindibweza musanandione.

Ndimakukondani, Amayi.

Ine mwana wanu,
Felesiya