Dzina la mkazi mnzanga mulibe m'mabuku a boma

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 61. Amuna anga, a Birame, anatisiya miyezi isanu yapitayo. Ankayendetsa galimoto za boma mpaka sitiroko inawagwetsa, boma n'kuwapumitsa ntchito chifukwa cha kulumala. Penshoni yawo ndiyo inkatidyetsa tonse: ine, mkazi mnzanga Khoudia ndi ana ake aakazi awiri amene akadali pasukulu.

Ine ukwati wanga tinakalembetsa kukhonsolo. Kalaliki atafunsa kuti, "Mkazi mmodzi kapena mitala?" iwo anayankha kuti mitala, n'kundinong'oneza akuseka, "Usadandaule iwe, n'zapapepala chabe izi." Patapita zaka makumi awiri, zapapepala zija zinalowa m'nyumba mwanga zitavala ndolo. Ukwati wa Khoudia anaumangira kumzikiti, anthu anagawana mtedza wa kola, basi. Zokalembetsa bambowo ankangoti mawa, mawa, mpaka matenda anawapeza.

Sindibisa, Khoudia ndinkadana naye. Nsalu imene bambowo anandipatsa pondipepesa tsiku la ukwati wawo, monga mwa mwambo, ndinaiponya pansi pa sutikesi ndipo sindinaivalepo. Koma bambowo atafa ziwalo, ine ndi maondo angawa sindikanatha kuwanyamula. Khoudia ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala la mawere ndi supuni kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Atamwalira, eda, nthawi yobindikira ya akazi amasiye, tinakhalira chipinda chimodzi, miyezi inayi ndi masiku khumi, ndipo ndinkamumva akulira motsitsa mawu kuti asandisokoneze pemphero.

Eda itatha tinapita limodzi ku ofesi ya penshoni. Kalaliki anaona mapepala n'kufunsa Khoudia, "Nanga inu ndinu ndani wawo? Muno mwalembedwa mkazi mmodzi." Anatiuza kuti pafunika chigamulo cha khoti chotsimikiza kuti ukwatiwo unalipo, ndipo khoti lidzafuna mboni. Shehe amene anaumanga anamwalira. Mboni ina inapita kunja, palibe akudziwa kumene ili. Watsala ndi mchimwene wanga, amene anali bwenzi la malemuwo ndipo analipo kumzikiti, koma wanenetsa kuti sapita kukhoti ine ndisanamulole.

Mwana wanga Assane akuti, "Amayi, ingokhalani duu. Mukatsegula pakamwa penshoni muigawana pakati. Mankhwala anu a shuga mudzagula ndi chiyani? Khoudiayo pobwera muno anakupemphani?" Kwinaku alamu athu, amene ali kale ndi akazi atatu, akufuna kumukwatira Khoudia. Iye sakuwafuna, koma njala ikhoza kumuvomeretsa.

Dzana tikusankha mpunga Khoudia anandiuza osandiyang'ana kuti, "Akulu anga, ndalamazo idyani, sindikukanizani. Koma ana angawa adzati amayi awo anali ndani m'nyumba muno? Wantchito?" Kuyambira pamenepo chakudya sichikundilowa. Ndikayankhula ndisauka, ndikakhala chete ndikuopa Mulungu. Nditani?

R.D., Thiès

Mayi R.D.,

Pepani ndi zovutazi. Mwataya mwamuna, ndipo malemuwo akusiyirani mtolo umene anayenera kuutula okha akali ndi mphamvu. Chidani chanu sindikuchidzudzula, mitala si maswiti. Koma kalata yanu yayankha kale funso lanu. Munthu amene watsimikiza kukhala chete sawerengera zaka zimene mnzake anasambitsa wodwala.

Yambani ndi chikalata chanu cha ukwati. Mawu aja akuti mitala, amene anakulasani mtima kukhonsolo, ndiwo akumutsegulira Khoudia njira, chifukwa akusonyeza kuti malemuwo anali ndi ufulu wokwatira wina. Kenaka bwererani ku ofesi ya penshoni, muwapemphe akulembereni papepala zonse zofunika komanso tsiku lomaliza loperekera. Malamulo a zimenezi amasinthasintha, musadalire za m'maluwa. Mufunsenso za gawo la ana amasiye. Ngati zikalata zobadwira za atsikanawo zili ndi dzina la bambo awo, nkhani yawo ingathe kuyenda payokha, ndipo zikalata zomwezo n'zothandiza kukhoti. Pitani kumzikiti uja mukafunse ngati shehe anasiya buku lolembamo maukwati. Mchimwene wanu mumulole lero, osati mawa. Mwaona nokha kumene mawa anafikitsa banja lanu.

Za mankhwala a shuga si nkhani yoseka. Funsani ku ofesiko kuti mukagawana inu mudzatsala ndi zingati, kuti muzidziwa chenicheni m'malo moopa chithunzithunzi. Mukatero mumukhazike pansi Assane. Ngati akudera nkhawa thanzi lanu, aikepo dzanja lake mwezi ndi mwezi. Mumufunsenso kuti pa zaka zisanu ndi chimodzi zija iyeyo anawatembenuzapo kangati bambo ake. Atsikana akufuna kuwamanawo ndi alongo ake, magazi amodzi.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Khoudia asavomere ukwati wa alamu anu asanafunse ku ofesi, chifukwa kawirikawiri wamasiye akakwatiwanso penshoni imaduka, ndiye adzakhala wataya zonse, ufulu ndi chakudya chomwe. Ndipo anthu oima pageti amene amati, "Tipatseni mapepala, tili ndi munthu wathu m'katimo," musawapatse ngakhale kakhobidi kapena chikalata chenicheni. Perekani mafotokope kwa kalaliki yekha ndipo azikupatsani lisiti.

Sindikunamizani kuti mphika wanu sudzachepa. Udzachepa ndithu. Koma tsiku limene maondo anuwo adzakanire kudzuka, amene adzakubweretsereni madzi osamba mukumudziwa kale. Tulutsani nsalu ija pansi pa sutikesi, muichape, muivale tsiku la khoti. Woweruza akadzafunsa kuti mayiyu ndi ndani, musadikire mchimwene wanu. Mudzayankhe ndinu, kuti, "Ndi mkazi wa amuna anga."

Aphungu